Kuona Maso a Nkhono ku Alaska

Wokonzekera ulendo wautali amayamba ndi kukhala pansi n'kuwerengera masiku ake, ndalama zake ndi mphamvu za miyendo yake. Kale, wopita kutali ankakazinga chimanga ndi mtedza kuti zikhale kamba, nafunsa kwa amene adayendako kuti madzi akumwa ali pati, mtsinje umawolokedwa pati, ndiponso mudzi wogonapo ndi wa yani. Masiku ano kamba adasanduka matikiti, ziphaso ndi makalata a pa intaneti, koma nzeru yake ikadali yomweyo. Paja safunsa adadya phula.

Nkhani ino ndi ya bambo wina ndi mkazi wawo, onse a zaka zopitirira 70, amene adachoka ku Malawi akadali ndi mphamvu nakakhazikika ku Britain. Mayiwo adagwira ntchito ya unamwino mpaka kupuma, pamene bambowo adayendetsa basi m'misewu ya mumzinda kwa zaka zambiri. Ana awo atatu adasonkherana ndalama kuti awapatse mphatso ya ukalamba: ulendo wa sabata imodzi pa sitima yapamadzi, m'mbali mwa gombe la Alaska, dera la kumpoto kwenikweni kwa America. Makolowo adathokoza ndi manja awiri. Koma bambowo atafunyulula mapu, adaona chinthu chimene anawo sadachione, chakuti sitimayo imangonyambita m'mphepete, dziko lenilenilo n'kulisiya kumbuyo kwa mapiri.

Alaska ndi dera lalikulu zedi. Malo ake ndi okwana masikweya kilomita pafupifupi 1.7 miliyoni, kutanthauza kuti Malawi angalowemo maulendo 14, komabe pa kalembera wa mu 2020 mudapezeka anthu ongopitirira pang'ono 733,000. America adagula derali kwa Russia mu 1867 pa mtengo wa madola 7.2 miliyoni, ndipo lidakhala chigawo cha nambala 49 cha dzikolo mu 1959. Misewu ndi yowerengeka. Ngakhale likulu lake, Juneau, lilibe msewu wolilumikiza ndi madera ena. Kumeneko amafikako pa ndege kapena pamadzi basi.

Sitima zonyamula alendo zimayenda makamaka kuyambira mu May mpaka mu September, ndipo maulendo ake ali mitundu iwiri. Zina zimanyamuka ku Seattle kapena ku Vancouver, n'kulowera kumpoto kudzera m'mipata ya pakati pa zilumba yotchedwa Inside Passage, kenako n'kubwerera kumene zidachokera. Wokwera zimenezi amaona Ketchikan, Juneau ndi Skagway, koma sayandikira Anchorage, Fairbanks kapena phiri lalikulu la Denali. Zina zimayenda ulendo wa mbali imodzi, pakati pa Vancouver ku Canada ndi doko la Seward kapena la Whittier, kumene kumafika msewu ndi njanji zochokera m'kati mwa dziko. Wofuna kuponda mtunda asanakwere sitima ayenera kusankha mtundu wachiwiriwu. Mwamwayi, mwana wawo wamkazi, amene ankayendetsa za matikiti, adali asanalipire.

Mwanayo sadakondwe nalo ganizo la kumtunda. "Ababa," adatero, "pa sitima pali dokotala, pali chakudya, ndipo palibe kunyamula katundu. Bondo lanu lija mwaliiwala? Nanga shuga?"

"Mwana wanga," adayankha bambowo, "munthu akadutsa pamsewu n'kukweza dzanja, kodi tingati wacheza pamudzi? Mlendo amaodira, amakhala pamphasa, amamwa madzi a eni. Ife kumeneku sitidzapitakonso."

Mawu omalizawo ndiwo adali phata la nkhani. Onse m'nyumbamo ankadziwa kuti pa msinkhu umenewu ulendo wachiwiri sulonjezedwa. Ankadziwanso kuti mphatso ya ana idali ya sitima yokha, kotero kuti tsiku lililonse la kumtunda likadatuluka m'thumba la makolowo, m'ndalama zimene ankasungira denga la nyumba yawo ya kumudzi. Usiku umodzi ku hotela ya ku Alaska unkafanana ndi malata angapo osagulidwa.

Podziwa zimenezi, bambowo adaganiza zopanikiza dziko lonse m'masiku anayi. Adalemba mndandanda: kutera ku Fairbanks, kubwereka galimoto, kukafika pa mzere wa Arctic Circle, kubwerera, kudutsira ku Denali, kupatukira ku Valdez, kutsikira ku Homer, n'kukathera ku Seward m'mawa wa tsiku lokwera sitima. "Ine ndagwira chiwongolero moyo wanga wonse," adatero. "Makilomita sandiopsa."

Mayiwo sadatsutse msanga. Adatenga pensulo n'kuyamba kulemba manambala m'mbali mwa mndandandawo, monga ankalembera mankhwala pa khadi la wodwala. Kuchoka ku Fairbanks kukafika ku Arctic Circle ndi makilomita opitirira 300 kupita kokha, mbali yaikulu pa msewu wa Dalton Highway umene m'malo ambiri ndi wa miyala, ndipo makampani ambiri obwereketsa galimoto salola kuti galimoto zawo zipiteko. Kuchoka ku Fairbanks kukafika ku Anchorage ndi makilomita pafupifupi 580. Anchorage ndi Valdez zatalikirana makilomita pafupifupi 480, Anchorage ndi Homer pafupifupi 350. Atawonkhetsa, adatembenuzira pepalalo kwa amuna awo.

"Abambo," adatero, "apa mukaona phula ndi kumbuyo kwa malole. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi adagwa chagada. Sankhani chimodzi chimene mtima wanu ukufuna, zinazo zizungulire chimenecho."

Bambowo adakhala chete nthawi yaitali, kenako adaloza phiri.

Phiri la Denali ndi lalitali kuposa onse ku North America. Msinkhu wake ndi mamita 6,190, kuwirikiza kawiri nsonga ya Sapitwa pa Mulanje. Dzinali ndi la chilankhulo cha anthu a mtundu wa Koyukon, amodzi mwa mafuko a Athabascan, ndipo limatanthauza kuti lalitalilo. Mu 1896 munthu wina wofuna golide adalitcha McKinley, potengera wandale amene pambuyo pake adakhala pulezidenti wa America koma amene sadapondeko ku Alaska. Boma la Alaska lidabwezeretsa dzina la Denali mu 1975, boma lalikulu la America lidavomereza mu 2015, ndipo mu January 2025 lamulo la pulezidenti lidabwezera dzina la McKinley m'mabuku a boma lalikululo, ngakhale malo otetezedwa ozungulira phirilo adakhalabe Denali National Park and Preserve. Mlendo amapeza mayina onse awiri pa mapu, koma pakamwa pa anthu a kumeneko amamva kwambiri lakalelo.

Phiri limeneli lili ndi khalidwe limene wokonza ulendo ayenera kulidziwa. Chifukwa cha kutalika kwake limasonkhanitsa mitambo, ndipo m'miyezi ya alendo limabisala masiku ambiri. Anthu a kumeneko amanena kuti mwa alendo atatu, mmodzi yekha ndiye amaliona. Komanso pakhomo la pakiyo, pamene pali mahotela ndi siteshoni, phirilo silioneka. Munthu ayenera kulowa makilomita angapo m'kati. Wogona usiku umodzi ali ngati woponya mbedza kamodzi n'kunyamuka. Apa mpamene mayiwo adakumbutsa mwambi wakuti kuona maso a nkhono n'kudekha, nanena kuti ku Denali akagone masiku atatu, ngakhale zitatanthauza kufufuta malo ena onse.

Adafufuzanso za msewu wa m'pakimo. Pakiyo idakhazikitsidwa mu 1917, makamaka pofuna kuteteza nkhosa zoyera zakutchire zotchedwa Dall, ndipo lero ndi yaikulu masikweya kilomita opitirira 24,000, koma ili ndi msewu umodzi wokha wa makilomita 148. Galimoto za anthu wamba zimaloledwa makilomita 24 oyamba, mpaka pa mtsinje wa Savage. Kupitirira apo amakwera mabasi a pakiyo. Mu August 2021 msewuwo udatsekedwa chapakati, pa malo otchedwa Pretty Rocks, chifukwa madzi oundana a pansi pa nthaka adayamba kusungunuka msanga, phiri n'kumatsetsereka pamodzi ndi msewu. M'zaka zotsatira, pamene mlatho unkamangidwa, mabasi ankabwerera pa Mile 43, makilomita pafupifupi 69 kuchokera pakhomo, ulendo wa maola anayi kapena asanu kupita ndi kubwera. Mabuku akale a alendo amene bambowo adabwereka ku laibulale sankanena zimenezi. Aliyense wokonza ulendo wotere afunse kwa oyang'anira pakiyo za chaka chake chomwecho, pakuti njira ya dzana siyenera kukhulupiriridwa lero.

Funso lina lidali lakuti mtunda uyambe kapena utsirize. Mwana wawo ankaganiza kuti ayambe ndi sitima kuti azolowere, koma mayiwo adaona mosiyana, ndipo zifukwa zawo zidali za unamwino. M'chilimwe cha kumeneko nthawi ya ku Alaska imatsalira ndi maola 9 poyerekeza ndi ya ku Britain, kotero kuti masiku oyamba munthu amadzuka pakati pa usiku n'kumasinza masana. Kutopa kumeneko kuli bwino kuthere mumzinda, pamene munthu angagone tsiku lonse osataya kanthu kena. Chachiwiri, kumtunda ndiko kuli ntchito: kudzuka m'mamawa, kukwera ndi kutsika, kumanga ndi kumasula katundu. Pa sitima munthu amamasula sutikesi kamodzi, chakudya chimamupeza, ndipo dziko limadutsa lokha pawindo. Mlimi amayamba ndi khasu, mphasa imadza madzulo. Wotsiriza ndi mtunda amakwera ndege ya kwawo ali wolefuka, pamene wotsiriza ndi nyanja amakafika atapumula.

Koma dongosolo limeneli lili ndi msampha wake, ndipo mayiwo sadaubise. Sitima siyembekeza munthu. Woyamba ndi mtunda akachedwa panjira, chifukwa cha ngozi yotseka msewu, moto wa m'nkhalango kapena matenda, amapeza doko lili mbee, ndalama za ana zitapita ndi madzi. Kuchoka ku Anchorage kupita ku Seward pali msewu umodzi wokha, wa makilomita pafupifupi 200. Wopita ku Whittier ayenera kudutsa mu msewu woboola phiri wa makilomita 4, wopapatiza kotero kuti galimoto zopita, galimoto zobwera ndi sitima yapanjanji zimasinthana nthawi. N'chifukwa chake adagwirizana kuti usiku womaliza akagone pa doko penipeni, sitimayo akaione ndi maso ikufika.

Za galimoto zidatha mosavuta kuposa mmene anawo ankaopera. Bambowo atawerenga za njanji ya Alaska Railroad, mtima wa woyendetsa udagonja kwa mtima wa wokwera. Njanjiyi idamalizidwa mu 1923, pamene Pulezidenti Warren Harding adakhoma msomali wagolide ku Nenana, ndipo imayenda makilomita pafupifupi 750 kuchoka ku Seward kukafika ku Fairbanks. M'chilimwe, sitima yonyamuka ku Fairbanks m'mawa imafika ku Denali patatha maola anayi, n'kupitirira kukafika ku Anchorage usiku, ulendo wonse wa maola 12. Panjira imawoloka mlatho wa Hurricane Gulch, umene uli mamita 90 pamwamba pa kamtsinje, ndipo chakufupi ndi Talkeetna, kukacha bwino, phiri la Denali limaoneka kuchokera kum'mwera. Motero njanji idawonjezera mwayi wina woliona. "Zaka zonsezi ndakhala ndikuyang'ana msewu kuti ena ayang'ane kunja," adatero bambowo. "Ulendo uno wina ayang'ane msewu."

Mwezi nawo udafuna nzeru. Chakumapeto kwa June, dzuwa ku Fairbanks limakhala kumwamba maola pafupifupi 22, ndipo usiku weniweni kulibe. Imeneyonso ndiyo nthawi ya udzudzu wochuluka modabwitsa, ngakhale udzudzu wa kumeneko sufalitsa malungo. July ndi wofunda koma wodzaza alendo. Chakumapeto kwa August udzudzu umachepa, tchire lalifupi la m'zigwa limasanduka lofiira ndi lachikasu, ndipo mdima umabwerera, kotero kuti kuwala kovina kwa kumwamba kotchedwa aurora kumatha kuoneka. Mtengo wake ndi mvula ndi kuzizira, ndiponso kuti pofika pakati pa September mahotela ambiri a ku Denali amatseka. Walira mvula walira matope. Adasankha sabata yomaliza ya August, nagula majekete osalowa madzi ndi zovala zopyapyala zovala mophatikiza, kuti azivula ndi kuvala malinga ndi nyengo ya ola limenelo.

Padatsala nkhani ya kuodira, imene bambowo adaiyamba okha. Dziko limene mabuku a alendo amalitcha chipululu lili ndi eni ake, amene akhalamo zaka zikwi zambiri. Chigwa cha Fairbanks ndi cha anthu a Tanana, Anchorage ili pa nthaka ya anthu a Dena'ina, ndipo gombe la Juneau ndi Skagway ndi la anthu a Tlingit. Mu 1971 lamulo la America lidawazindikira kuti ndi eni a maekala 44 miliyoni, ndipo mu 2014 boma la Alaska lidavomereza zilankhulo zawo 20 kukhala zilankhulo za boma. Kuvomereza kumeneku kudadza mochedwa kwa ena: Marie Smith Jones, womaliza mwa amene adayamwa chilankhulo cha Eyak, adamwalira mu 2008. Miyambo yawo yambiri siingamudabwitse wokulira pamudzi. Mnyamata akapha nyama yake yoyamba amaigawa kwa akuluakulu. M'chilimwe mabanja amasamukira m'misasa ya m'mbali mwa mitsinje kukagwira ndi kuyanika nsomba za salmon, zimene zimakwera mitsinje kukaikira mazira monga imachitira mpasa mu mtsinje wa Bua. Msasa wotere ndi khomo la munthu, ndipo kujambula popanda kupempha n'chimodzimodzi kulowa m'nyumba osaodira.

Pa chifukwa chimenechi adapatula tsiku lathunthu ku Anchorage la Alaska Native Heritage Center, malo amene adatsegulidwa mu 1999, kumene eni dziko amafotokoza okha za nyumba zawo, magule awo ndi luso lawo. Ku Fairbanks adalemba nyumba yosungiramo zakale ya yunivesite, yotchedwa Museum of the North. Mwana wawo adafunsa ngati tsiku limenelo silikadakhala bwino kulipereka ku malo ena okongola. Mayiwo adayankha kuti wofika pamudzi amayamba wapereka moni kwa mwini mudzi, kenako ndiye amakaona dimba.

Nyama nazo zili ndi malamulo ake. Ku Denali mlendo amauzidwa kutalikira chimbalangondo ndi mamita 275, ndipo nyama zina, monga moose, chinyama chachikulu ngati ntchefu, ndi mamita osachepera 23. Wokumana ndi chimbalangondo sathawa, chifukwa kuthawa kumadzutsa mtima wothamangitsa. Amalankhula mofatsa n'kumabwerera m'mbuyo pang'onopang'ono. Chakudya sasiya poyera. Bambowo adaseka kuti bondo lawo lidawaphunzitsa kale lamulo losathamanga.

Kenako padadza kamba weniweni. Mayiwo adaika mankhwala a shuga m'chikwama cha m'manja, owirikiza kawiri pa masiku a ulendo, pamodzi ndi kalata ya dokotala. Adagula inshuwalansi ya zaumoyo naulula matenda onse, podziwa kuti chipatala ku America n'chodula kwambiri ndipo matenda obisidwa salipiridwa. Popeza adali ndi mapasipoti a Britain, adangopempha pa intaneti chilolezo cholowera ku America chotchedwa ESTA. Wa pasipoti ya Malawi njira yake ndi ina: amafunika viza ya America ndi ya Canada yomwe, popeza sitimayo imakathera ku Vancouver. Mu August 2025 boma la America lidayamba kufuna chikole chofika madola 15,000 kwa ofunsira viza yokacheza ochokera ku Malawi ndi ku Zambia, ndipo malamulowo adapitiriza kukhwima pambuyo pake. Munthu wotero asalipire tikiti ngakhale imodzi asanamve mawu a ofesi ya kazembe.

Dziko la kumpotoli lidalangapo kale anthu onyoza kamba. Golide atapezeka ku Klondike, m'dziko la Canada, mu 1896, akuti anthu pafupifupi 100,000 adanyamuka kukafuna chuma, ambiri kudzera ku Skagway ndi ku Dyea, koma ofikako sadakwane theka. Apolisi a Canada, poopa njala, adalamula kuti aliyense wowoloka malire akhale ndi chakudya cha chaka chathunthu. Pamodzi ndi zida, katunduyo ankafika tani imodzi, ndipo munthu ankakwera mpata wa Chilkoot maulendo ambirimbiri, mtolo umodzi pa nthawi. Bambowo atawerenga zimenezi adati sutikesi imodzi kwa munthu aliyense ikwana.

Pomaliza dongosolo lidaima motere: masiku awiri ku Fairbanks, loyamba longogona ndi kuyenda pang'ono m'mbali mwa mtsinje wa Chena, masiku atatu ku Denali, masiku awiri ku Anchorage, ndi usiku umodzi ku Seward. Onse pamodzi masiku asanu ndi atatu, kuwirikiza kawiri amene bambowo adayamba nawo, koma malo ogona anayi okha. Arctic Circle, Valdez ndi Homer zidafufutidwa. Mayiwo adawerengera mtengo wake m'malata, nauza amuna awo kuti denga liyembekeza dzinja lina. Bambowo adavomera ndi mutu.

Ulendowo sudawapatse zonse. Ku Fairbanks mitambo idaphimba kumwamba usiku wonse uwiri, ndipo aurora sadaione. Ku Denali, tsiku loyamba kudagwa mvula. Adakaona agalu okoka ngolo za pa chipale, amene oyang'anira pakiyo akhala akuwagwiritsa ntchito kuyambira m'ma 1920. Tsiku lachiwiri, ali m'basi, adaona chimbalangondo ndi ana ake awiri chikudya zipatso m'tchire lofiira, ndiponso nkhosa zoyera ngati timadontho pa thanthwe, koma kumene kudayenera kukhala phiri kudali mtambo wotuwa. Anthu amene adakwera nawo basiyo ankanyamuka m'mawa mwake. Tsiku lachitatu kudacha kozizira, kopanda mphepo, ndipo atalowa makilomita pafupifupi 15 phirilo lidaima poyera, loyera kuyambira pamapewa mpaka pamutu, lalitali kuposa pamene maso awo ankalifunafuna. Bambowo adavula chipewa. Patapita ola limodzi mitambo idalitsekanso.

Sitima yapanjanji yopita ku Seward idawadutsitsa m'mbali mwa nyanja yopapatiza ya Turnagain Arm, pamene paima mitengo youma, yotuwa, imene idafa ndi madzi amchere nthaka itatsika pa chivomezi cha pa 27 March 1964, champhamvu ya 9.2, chachikulu kuposa zonse zolembedwa ku North America. Masana a tsiku limenelo adapita ku Exit Glacier, mtsinje wa madzi oundana umene munthu amauyandikira wapansi. M'mbali mwa njira muli zikwangwani za zaka, chilichonse chosonyeza pamene madzi oundanawo ankafika chaka chimenecho, ndipo mlendo amayenda kuchoka pa chaka china kufika pa china, madziwo akuthawirabe kuphiri. Bondo lidalola mpaka pa malo oonera oyamba, ndipo pamenepo adakhala pansi.

Phindu la kuyamba ndi mtunda lidaonekera bwino ali panyanja. Ku Denali adamva za Walter Harper, mnyamata wa mtundu wa Koyukon amene pa 7 June 1913 adakhala munthu woyamba kuponda pansonga pa phirilo, ali m'gulu la Hudson Stuck, Harry Karstens ndi Robert Tatum. Harper ankafuna kukaphunzira udokotala kuti adzathandize anthu a kwawo. Mu October 1918, atangokwatira, iye ndi mkazi wake adakwera sitima ya Princess Sophia ku Skagway, ndipo sitimayo idagunda mwala wa Vanderbilt Reef mu mpata wa Lynn Canal n'kumira ndi anthu onse oposa 340 amene adalimo. Sitima za alendo zopita ndi kuchokera ku Skagway zimadutsa m'madzi omwewo. Usiku umene yawo inkadutsamo, m'kati munkamveka nyimbo ndi mbale, koma okalamba awiriwo adatuluka panja atafunda majekete, nayang'ana madziwo mwakachetechete, monga amachitira odutsa pamanda a pamudzi umene adalandiridwapo.

Masiku otsalawo bambowo adagona tulo tambiri, mwendo uli pa mtsamiro, mapiri ndi anangumi zikudutsa pawindo. Atabwerera ku Britain, mdzukulu wawo wamkulu adapeza pepala lija la mndandanda woyamba, lokhala ndi manambala a pensulo m'mbali ndi mayina atatu ofufutidwa, ndipo adafunsa ngati alitaye.

"Ayi, mdzukulu wanga," adatero agogowo. "Lisunge. Atatu amenewo ndakusiyira iwe. Koma ukadzapita, udzayambe wafunsa agogo ako aakazi za makilomita."